Nsomba za ku Louisiana Sizivota

Ife kuno timagona pamzere kufuna thumba limodzi la Urea. Ndiye mundikhululukire ndikapsa mtima ndi mtsinje wa Mississippi ku America, kumene feteleza amakathera m'nyanja chaka ndi chaka, akuluakulu akuonerera.

Nkhani yake ili motere. Minda ya chimanga ya ku Iowa ndi Illinois ili ndi mapaipi pansi pa nthaka, ochotsa madzi kuti mbewu zisamire. Mapaipi omwewo amatenganso naitireti amene chimanga sichinadye, n'kumuthira m'mitsinje. Kuyambira m'ma 1950 kufika m'ma 1990, naitireti wotsika ndi Mississippi anachuluka pafupifupi katatu. Akafika ku Gulf of Mexico amanenepetsa ndere. Ndere zija zikafa zimamira n'kuola, ndipo kuolako kumamaliza okisijeni wa pansi pa nyanja. Nsomba zothamanga zimathawa. Tizamoyo toyenda pang'onopang'ono timafera pomwepo. Mu 2017 dera lakufali linafika masikweya kilomita oposa 22,000. Kuti mumvetse, amenewo ndi magawo atatu mwa anayi a Nyanja ya Malawi!

Koma chondiwawa kwambiri si sayansiyi ayi, ndi chinyengo cha malonjezo. Mu 2001 boma la America ndi maboma a m'zigawo anagwirizana kuti pofika 2015 deralo lidzakhala litachepa kufika masikweya kilomita 5,000. Chakacho chinakwana, palibe chaoneka. Anatani? Anangosuntha deti, akuti 2035. Basi. Ngati munthu wangongole uja amati "ndikupatsani mwezi ukatha" osatchula mwezi wake.

Ena amati tisaweruze msanga, naitireti amabisala m'nthaka ndi m'madzi apansi kwa zaka zambiri, choncho zotsatira zimachedwa. Zoona zimenezo, sindikukana. Komatu chimenecho n'chifukwa choyambira msanga ndi mwamphamvu, osati chonyengerera. Lamulo lawo la madzi la 1972 limathina mafakitale ndi malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi, koma madzi ochokera m'minda limangowasiya. Mlimi amapemphedwa. Akafuna achepetse, akapanda kufuna, ake ndi mwayi. Ndipo tisanamizane kuti akudyetsa anjala: gawo lalikulu ndithu la chimangacho limakapangidwa ethanol wa galimoto, china n'chakudya cha nkhumba ndi ng'ombe.

Amene amalipira ndani? Funsani anthu a mumzinda wa Des Moines. Malire a naitireti m'madzi akumwa ku America ndi mamiligalamu 10 a naitirojeni pa lita, poti akapitirira amasokoneza magazi a makanda mpaka khungu kuchita kubiriwira. Bungwe la madzi la mumzindawo linagula makina ochotsera naitireti, ndipo ndalama zoyendetsera makinawo zimatuluka m'matumba a omwa madzi. Mu 2015 linatopa, n'kukasuma kukhoti maboma atatu a kumtunda kumene kumachokera madzi a m'mapaipi aja. Mu 2017 khoti linauthetsa mlanduwo. Bilu inatsala kwa mayi amene sanalimepo ngakhale mzere umodzi wa chimanga.