"Ndangotumiza" si chodzikanira

Usiku m'gulupu ya WhatsApp ya mpingo kapena ya akubanja mumalowa uthenga wa mawu. Munthu wosadziwika akulankhula mwabefu kuti galimoto yakuda yopanda nambala ikuzungulirazungulira pafupi ndi sukulu ina yake, makolo chenjerani. Sukuluyo satchula dzina, tsiku sanena. Pasanathe mphindi zisanu wina waupatsira ku magulupu ena atatu, pansi pake nkulemba kuti, "Ndangotumiza momwe ndalandirira." Ambiri amaganiza kuti mawu amenewa amawachotsa pa mlandu, poti bodza sanapeke ndi iwo. Ine ndikuti sawachotsa. Munthu amene wafalitsa nkhani yoopsa asanaifufuze walakwa, ngakhale mumtima mwake anali kuikhulupirira.

Anthu a filosofi nkhaniyi analimbana nayo kale mafoni a m'manja asanabwere. Mu 1877 William Kingdon Clifford, katswiri wa masamu wa ku England, analemba nkhani yotchedwa The Ethics of Belief. Anapereka chitsanzo cha mwini sitima yapamadzi yakale, yomwe inali itakonzedwapo kambirimbiri. Mtima unkamugunda kuti mwina sifika, koma kuiunika ndi kuikonza kukanadya ndalama zambiri. Ndiye anadzitonthoza kuti yayenda maulendo ambiri popanda ngozi, mpaka anafika pokhulupiriradi kuti ili bwino. Sitimayo inanyamula mabanja osamukira kudziko lina, inamira pakati pa nyanja, mkuluyo nkulandira ndalama za inshuwalansi. Clifford anagamula kuti imfa zija zili pamutu pake, chifukwa chikhulupiriro chake anachipeza pozemba kufufuza. Anawonjezera mfundo yowawa kwambiri: sitimayo ikanafika bwino, munthuyo akanakhalabe wolakwa, kungoti palibe akanadziwa. Kulakwa kunachitika tsiku limene anatontholetsa chikaiko chake.

Ife Amalawi sitifunika kuwoloka nyanja kuti timvetse zimenezi. Mu September ndi October 2017 mphekesera za anamapopa zinayamba ku Mulanje ndi Phalombe nkufika mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu okwiya, achinyamata anatchinga misewu nkumasecha magalimoto, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 100. Ogenda miyala anali ochepa poyerekeza ndi onong'oneza. Aliyense wa onong'onezawo ankati akungonena zomwe wamva. Ku India zinachitikanso chimodzimodzi mu 2018: mauthenga a WhatsApp onena za akuba ana anachititsa kuti amuna asanu aphedwe m'mudzi wa Rainpada, m'chigawo cha Maharashtra. Kampani ya WhatsApp inayamba kuika chizindikiro pa uthenga wochita kupatsira, ndipo pofika January 2019 inaletsa padziko lonse kutumiza uthenga kumalo oposa asanu nthawi imodzi. Ngakhale eni ake a chipangizocho anaona kuti ngozi imakulira pa chala cha wopatsira.

Wina anganene kuti kuchenjeza mnzako ndi umunthu. Nanga nkhaniyo ikakhala yoona, ine ndakhala chete, mwana wa mnzanga nkusowa? Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Koma limawerengera mbali imodzi yokha. Limaona mwana amene mwina angapulumuke, osaona mlendo amene watsika basi madzulo atanyamula chikwama, kapena wa zaumoyo amene wabwera ndi zida zotengera magazi oyeza, amene uthenga womwewo wamusandutsa chilombo. Naye ndi mwana wa mwini. Umunthu wosankha woti umumvere chisoni ndi tsankho chabe. Komanso kusatumiza sikutanthauza kukhala chete: foni yomweyo ikhoza kuimbira mphunzitsi wamkulu, a mfumu kapena apolisi a m'dera, anthu amene angathe kupita kukaona.

Ena amati mthenga salakwa. Zoona, koma taonani mmene mthenga wa maliro amachitira kumudzi. Akafika amakhala pansi, amanena amene wamutuma, amatchula womwalirayo, mudzi wake ndi tsiku loika. Mukamufunsa amayankha, ndipo akanama aliyense amadziwa khomo lokagogoda. Wopatsira uthenga wa pafoni sanatumidwe ndi munthu, sadziwa wolankhulayo, ndipo mukamufunsa amati nayenso anangolandira. Chimene amawonjezera pa uthengawo ndi dzina lake. Azakhali amaukhulupirira chifukwa wachokera kwa mwana wawo wophunzira, wa m'tauni. Wabwereketsa ulemu wake kwa munthu amene sanamuonepo.

Chotsutsa champhamvu chinachokera kwa William James wa ku America, amene mu 1896 anayankha Clifford kuti munthu woopa kwambiri kunamizidwa amaphonyanso choonadi, ndipo moyo suyenda popanda kukhulupirirana. Apa James ananena zoona. Palibe amene amayeza mankhwala alionse asanamwe kapena kufunsa umboni mnzake akamuuza mtengo wa chimanga ku Lunzu. Koma kufufuza kumayenera kukula molingana ndi chimene chingawonongeke. Nthabwala tumizani. Nkhani yoloza munthu chala kuti ndi mfiti, wakuba ana kapena wothira poizoni m'chitsime ikhoza kuchotsa moyo, ndipo moyo subwezedwa ndi uthenga wachiwiri wopepesa, umene kawirikawiri sufikanso kumene woyamba unafika.

Za ufulu wolankhula sindichulutsa mawu. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limauteteza, ndipo ndi bwino kuti litero. Sindikupempha boma kuti lizimanga aliyense wopatsira zabodza, poti mphamvu yotere imagwiritsidwa ntchito molakwika msanga, makamaka pa atolankhani ndi otsutsa boma. Lamulo likakulola kulankhula silinakuuze kuti zonse ndi zoyenera kunena. Mbali imeneyo ndi ya chikumbumtima, ndi ya atsogoleri a magulupu, abusa, mashehe ndi aphunzitsi amene mawu awo amamveka.

Choncho uthenga wotere ukakufikani, bwezani funso kwa wokutumiziraniyo: mwaona nokha, kapena wakuuzani ndani? Akati sakudziwa, uthengawo uthere pa foni yanu.