Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Za Chovala Chotsitsidwa Mtengo

Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwambiwu unabadwira m'nkhalango, koma lero ukupherezera pakhomo pa sitolo iliyonse imene yamata chikwangwani chofiira cholengeza kuti mitengo yatsitsidwa. Mnyamata wongoyamba kumene ntchito amalowa m'menemo ndi malipiro ake oyamba, natuluka ndi malaya asanu, ena othina m'khosi, ena a mtundu woti sangapite nawo ngakhale kumsika. Tsiku la maliro a amalume ake likafika, amayenda khomo ndi khomo kubwereka jekete.

Kutchipa pakokha si mlandu ayi. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika anachita zionetsero ku Lilongwe podandaula kukwera mtengo kwa mabelo. M'nyengo yotere, wosekerera mnzake chifukwa chodikira selo ndi wosadziwa moyo. Vuto lili pa kusasiyanitsa chovala choyenera kudikira ndi chovala chimene sichidikirika.

Juzi imadikirika. Wogula juzi mu Juni, chisanu chili pakati, amalipira mtengo wa kunjenjemera kwake. Wogula mu Okutobala, wamalonda atatopa nayo, amangotola. Zovala za ana nazonso n'zotero, pakuti mwana amakula msanga kuposa mmene nsalu imathera.

Koma nsapato ya kuntchito, jekete lakuda ndi chitenje cha pa chinkhoswe ndi nkhani ina. Izi zimavalidwa zaka, ndipo zimaoneka pamaso pa apongozi ndi pabwalo la amfumu. Saizi yoyenera ndiyo imayamba kutha. Chotsalira kufikira tsiku la selo nthawi zambiri ndi chimene anthu ambiri anachiyesa nachibweza. Nsapato yothina, ngakhale itatsika mtengo ndi theka, imakagona pansi pa bedi, ndipo mwini wake amagulanso ina. Pamenepo walipira kawiri.

Amayi akale ankadziwa bwino zimenezi, ngakhale ambiri sanaphunzire masamu a m'kalasi. Asanapereke ndalama, ankapikicha ngodya ya nsalu ndi zala kuti aone ngati kulimbako n'kwa ulusi kapena kwa sitachi chabe, kenaka n'kuiunika padzuwa. Chikomekome cha mkuyu ankachidziwa. Nsalu ikapambana mayesowo, ankanenerera mtengo mwaulemu, koma sankaisiya chifukwa cha ndalama zochepa zosiyana. Ndiye chifukwa chake m'masutikesi a agogo ambiri mukupezekabe zitenje za kwa David Whitehead zimene zaona maukwati a ana ndi a adzukulu omwe, utoto wake usanafwifwe.

Mdzukulu amene walandira malipiro ake oyamba ayambe watsegula sutikesi yake n'kuwerenga zimene zikusowa. Ngati jekete la pamaliro mulibe, malaya asanu aja angathe kudikira mwezi wa mawa.