Kompyuta ikati "cannot open display", musathamangire kuthyola chitseko

Sabata yatha, nthawi ili cha m'ma 11 koloko usiku, ndinakhala ndikuyang'anitsitsa mawu atatu a Chingerezi pa laputopu yanga: "cannot open display". Ine si wa sayansi ya makompyuta ayi. Ndimaphunzira za chiyankhulo ndi mbiri, ndipo pa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndikuwerengera kuti mawu ena ankapezeka kangati m'nyuzipepala zakale. Mafayilo ake ndi ambiri moti laputopu yanga imatentha ngati mbaula, choncho ndimalowa mu kompyuta yaikulu ya kusukulu kudzera pa ssh n'kuyendetsa kapulogalamu kanga ka Python kumeneko. Kuwerengera kunayenda bwino. Koma kapulogalamuko katafika potsegula girafu yoti ndikaonetse aphunzitsi m'mawa mwake, kanakana.

Mnzanga wina anandiyankha msanga pa WhatsApp: "Aise, pa laputopu yakoyo ingolemba xhost + basi, kenako kuseva uloze DISPLAY ku adiresi ya laputopu yako." Malangizo amenewa ali ponseponse pa intaneti ndipo ambiri timangowakopera osafunsa. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi n'choipa, ndipo ife a maphunziro a za chikhalidwe cha anthu tiyenera kukhala oyamba kuchikana, chifukwa ntchito yathu tsiku ndi tsiku ndi kuwerenga mawu mofatsa.

Tiyambe ndi chimene uthengawo ukunena. Mapulogalamu ambiri a Linux okhala ndi mawindo amadalira dongosolo lotchedwa X Window System, lomwe linayambira ku MIT mu 1984, ndipo mtundu wake wa X11 unatuluka mu 1987. M'dongosolo limeneli pulogalamu sijambula yokha pa sikirini. Imapempha pulogalamu ina, X server, kuti iijambulire. Chosokoneza n'chakuti X server imakhala pa kompyuta imene ili pamaso panu, osati pa kompyuta yakutali ija. Ndiye pulogalamu ikayamba, imayang'ana kaye chizindikiro chotchedwa DISPLAY kuti idziwe kumene windo lake likaonekere. Mukakhala pa kompyuta yanu, nthawi zambiri chimakhala :0. Chikapezeka chopanda kanthu, pulogalamuyo ilibe kolowera, n'chifukwa chake imadandaula.

Vuto langa linali lomweli. Nditalemba echo $DISPLAY pa seva paja, panatuluka mzere wopanda kanthu. Ndinali nditalowa ndi ssh wamba. Nditatuluka n'kulowanso ndi ssh -X, chizindikiro chija chinasanduka localhost:10.0 ndipo girafu inaonekera, ngakhale inabwera pang'onopang'ono chifukwa cha netiweki ya ku hositelo. Kuti izi zitheke, seva iyenera kukhala ndi mzere wa X11Forwarding yes mu fayilo ya sshd_config komanso pulogalamu ya xauth. Amene ali pa Mac amafunika XQuartz, ndipo a Windows angagwiritse ntchito VcXsrv kapena MobaXterm. Musailembe pamanja DISPLAY mukalowa ndi ssh -X, chifukwa mukatero mumafafaniza njira imene ssh yakukonzerani kale.

Pali funso lachiwiri limene X server imafunsa: kodi amene akufuna kujambula apa ali ndi chilolezo? Chilolezocho ndi kiyi yobisika, MIT-MAGIC-COOKIE-1, yomwe kawirikawiri imasungidwa mu fayilo ya .Xauthority. N'chifukwa chake pulogalamu yoyendetsedwa ndi sudo kapena ndi akaunti ya munthu wina imatha kukanidwa ngakhale DISPLAY ili bwino. Lamulo la xhost + silikupezerani kiyi imeneyi. Limangouza X server kuti isiye kufunsa aliyense. Ndipo pa X11 pulogalamu imene yaloledwa kulowa ikhoza kuona zimene zili pa sikirini ndi kumva chilichonse chimene mukutaipa, kuphatikizapo mawu achinsinsi a imelo kapena a kubanki. Zili ngati munthu wataya kiyi ya chipinda chake, ndiye wazula chitseko chonse n'kugona mtima uli m'malo poti walowa.

Ndikudziwa chimene anzanga ena anganene. Nthawi inali itatha, aphunzitsi akudikira, ndipo sitinabwere ku yunivesite kudzaphunzira Linux. Ena odziwa zambiri anganenenso kuti makompyuta ambiri a masiku ano salola kale kuti X server ilandire alendo ochokera pa netiweki, choncho ngozi yake si yaikulu ngati kale. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona, koma ikundithandiza ine. Ngati zili choncho, malangizo a mnzanga aja sakanagwira n'komwe ntchito, ndipo ndikanataya ola lina ndikudabwa. Komanso pa kompyuta ya mu labu imene anthu angapo ali ndi maakaunti, chitseko chija chimakhalabe chotseguka kwa onse a m'nyumbamo. Pa nkhani ya nthawi, kulemba echo $DISPLAY kumatenga masekondi ochepa kuposa kufufuza yankho pa foni.

Phunziro lenileni ndinalipeza tsiku lotsatira. Ndinafuna kuti kapulogalamu kaja kaziyenda kokha 2 koloko usiku kudzera pa cron, pamene seva ilibe anthu ambiri. M'mawa ndinapeza uthenga womwe uja. Apa ssh -X sikanathandiza, chifukwa cron imayendetsa ntchito popanda DISPLAY, ndipo nthawi imeneyo laputopu yanga imakhala yozimitsa, ine ndili mtulo. Windolo likanatsegukira ndani? Ndipamene ndinazindikira kuti sindinkafuna windo n'komwe. Ndinkafuna chithunzi. Ndinachotsa mzere wotsegula chithunzi uja, n'kuuza Matplotlib kuti igwiritse ntchito Agg, njira yojambulira imene sifuna sikirini, ndipo izisunga girafu mu fayilo ya PNG. M'mawa ndimangoikoka ndi scp, ndipo bandulo yanga imakhalitsa. Pulogalamu imene imaumirira kuti ikufuna sikirini mukhoza kuipatsa yongoyerekeza ndi xvfb-run, ntchito n'kuyenda popanda woonerera.

Sindikunena kuti wolakwa ndi wogwiritsa ntchito yekha. Uthenga wa mawu atatu sukwanira. Sunena ngati chasowa ndi adiresi kapena chilolezo, ndipo opanga mapulogalamu akanatha kuwonjezera chiganizo chimodzi chotiunikira. Zinthu zasokonekeranso chifukwa cha Wayland, dongosolo latsopano limene Kristian Høgsberg anayamba mu 2008, lomwe Fedora ndi Ubuntu akugwiritsa ntchito tsopano. Malangizo ambiri akale analembedwera X11, ndipo munthu wongokopera sadziwa kuti akumwa mankhwala a matenda ena.

Komabe m'kalasi amatiphunzitsa kuti tikapatsidwa chikalata chakale tizifunsa kuti analemba ndani, ankalembera ndani, nanga ankafunanji. Uthenga wa kompyuta ukufunika ulemu womwewo. Ukadzakutulukirani, funsani kuti windoli likufuna kuonekera kuti, amene akulipempha ndani, ali ndi chilolezo kapena ayi, ndipo koposa zonse ngati windolo likufunikadi. Girafu yanga aphunzitsi anaiona pa nthawi yake, ndipo anaibweza kuti ndikonze mitu ya mizere. Mnzanga uja ndinamutumizira mzere wa ssh -X, koma mpaka lero akuumirirabe kuti njira yake ndi yachidule.