Mbande zisamakalambire m'kachitini

Abale anga a m'mudzi muno, ndi inu a m'tauni amene mwayamba kudzala ndiwo pakhonde, lero tikambe za mbande za m'zitini. Masiku ano ambiri tikufesa m'machubu, m'mabotolo odula pakati, m'makapu a yogati, ena m'mapaketi a Chibuku. Ndi nzeru yabwino, chifukwa mbewu yakwera mtengo, siyomwaza ngati mawere. Koma chondidandaulitsa n'chakuti mbande tikuzisiya zikukalambira momwemo.

Munthu afesa mbewu khumi za tomato m'kakapu kamodzi. Zamera zonse, iye mtima mbee. Patha mwezi ndi theka zidakali momwemo, zatalika, tsinde lowonda ngati ulusi, masamba a m'munsi achita chikasu. Ukamufunsa akuti, "Zikhwime kaye." Kukhwima kwake kuti? Imeneyo ndi njala, abale. Dothi la m'kakapu ndi lochepa, chakudya chinatha kalekale, mizu yasowa kolowera mpaka yapotana ngati nkhata. Mbande yotero ngakhale muidzale pa manyowa abwino chotani, imapinimbira, kenako n'kuthamangira kuchita maluwa idakali yaing'ono. Anzanu akutchola madengu, inu mukutchola m'mbale.

Ine ndimati musadalire kuwerenga masiku, yang'anani masamba. Awiri oyamba kutuluka aja, osalalawo, si masamba enieni. Enieni a tomato ndi aja a manomano, ukawakhudza amanunkhira tomato. Akakwana awiri kapena atatu, nthawi yopatula yakwana, iliyonse ipite m'chubu mwake. Kukamatentha izi zimachitika pakatha milungu iwiri kapena itatu chimerere, koma mu Juni ndi Julayi kuzizira kumazichedwetsa. N'chifukwa chake kalendala imanama. Chizindikiro china, tembenuzani chitini muone kunsi. Mizu yoyera ikamasuzumira pa mabowo, kapena mwathirira m'mawa koma pofika masana yafota kale, ndiye kuti nyumba yachepa.

Ndikudziwa ena anena kuti imeneyi ndi ntchito yapawiri, bwanji osangopita nazo kudimba kamodzi n'kamodzi? Ngati kudimba n'kokonzeka ndipo mbande yafika masentimita 15, ili ndi masamba anayi kapena asanu, pitani nayo, sindikutsutsa. Koma tonse tikudziwa kuti mu Epulo madimba ambiri amakhala adakali thapsa ndi madzi. Ndiye mbande idikire kuti? Chubu chokulirapo chimakugulirani milungu ina iwiri kapena itatu mbande ikukulabe bwinobwino. Kulemera kwa ntchitoyo sikungafanane ndi kukagulanso paketi ina ya mbewu.

Tsono kasamutsidwe kake. Thirirani kaye, padutse ola limodzi kapena awiri, dothi ligwirane ndi mizu. Chitani madzulo dzuwa litapendeka, osati masana likuswa mtengo. Musazule ngati mukuzula chisoso. Finyani chitini m'mbali, chitembenuzeni, dothi lituluke lonse, kenako mulekanitse mbandezo pang'onopang'ono ndi kamtengo. Pogwira, gwirani tsamba, osati tsinde. Tsamba likathothoka limera lina, koma tsinde mukaliphwanya basi yapita. Ana ndi amene amakonda kutsina pakhosi, muziwayang'anira akamakuthandizani.

Tomato ali ndi khalidwe lake. Tsinde lake limatulutsa mizu paliponse pamene lakwiririka, choncho wotalika mopyola uja mulowetseni m'dothi mpaka pafupi ndi masamba oyamba, alimba. Koma tsabola ndi mabilinganya musazimize chotero, zifike pomwe zinalekezera kale.

Pa dothi ndiye pamene ambiri timaonongera. Ine ndimasakaniza ndowa ziwiri za dothi lakuda la pansi pa mitengo, imodzi ya manyowa owolerana ndi imodzi ya mchenga wa kumtsinje. Manyowa aawisi, makamaka zitosi za nkhuku, amawotcha mizu. Feteleza nayenso musathire tsiku lomwelo, mizu ili ndi mabala, dikirani sabata igwire kaye. Ndipo musatape dothi pamene munalima tomato, mbatatesi kapena fodya. Mbewu zimenezi ndi za mtundu umodzi, matenda awo ndi amodzi, mungotengera vuto m'chubu ndi manja anu.

Inu a ku Ndirande ndi ku Area 25, chonde boolani zigubu zanuzo kunsi. Mbande zambiri za pakhonde sizifa ndi ludzu ayi, zimafa ndi chikondi: madzi m'mawa, madzi masana, madzi madzulo, mpaka tsinde kuwola pamene lakhudzana ndi dothi. Pisani chala, ngati muli chinyezi siyani.

Si mbewu zonse zokonda kusamutsidwa. Karoti, therere, maungu ndi nkhaka fesani pomwe zidzakulire.

Mukamaliza, ikani machubu pamthunzi masiku awiri kapena atatu, kenako muziwonjezera dzuwa pang'onopang'ono. Kutatsala sabata kuti zipite kudimba, chepetsani madzi ndi kuchotsa udzu wa pashedi kuti zizolowere. Ndipo muike pathandala, osati pansi. Nkhuku za m'mudzi muno mukuzidziwa, machubu 50 zimamaliza inu mukudya nsima.