Phwando pafupi ndi chuma cha akapolo

Ku America kuli nyumba zosungiramo mbiri ya achifwamba a panyanja, ndipo zina mwa izo madzulo zimachititsa lendi zipinda kwa makampani ndi mabanja ofuna kuchita phwando. Bwana amavala chipewa cha woyendetsa sitima, ogwira ntchito amaphimba diso limodzi ndi kansalu kakuda, zithunzi n'kumathamangira pa Instagram.

Za lendizo ine ndilibe nazo vuto. Myuziyamu imadya ndalama: magetsi, malipiro, komanso kusamala zitsulo zomwe zakhala m'madzi amchere zaka pafupifupi 300, zomwe zimathetheka ukangoziumitsa mwachisawawa. Ngati kampani ya inshuwalansi ikufuna kulipirako, ilipire ndithu.

Chomwe chimandivuta ndi nkhani imene imakwiririka nyimbo zikangoyamba.

Taonani sitima ya Whydah. Gulu la Sam Bellamy linailanda kumayambiriro kwa 1717, ndipo pa 26 Epulo chaka chomwecho inamira ndi namondwe pafupi ndi Cape Cod. Barry Clifford anaipeza mu 1984, ndipo zambiri zomwe anavuula zikuonetsedwa ku West Yarmouth, m'chigawo cha Massachusetts. Koma dzina lakelo mukulidziwa kochokera? Ndi Ouidah, doko la akapolo m'dziko lomwe lero ndi Benin. Sitimayi inamangidwira malonda a anthu. Pomwe Bellamy amaigwira n'kuti itangotsitsa kumene Aafirika ku Jamaica, ili pa ulendo wobwerera ku England ndi phindu lake. Pakati pa zovuulidwazo pali ngakhale zokongoletsera za golide za anthu a mtundu wa Akan.

Ndiye munthu akamakweza tambula ya vinyo pafupi ndi chuma chotere, akusangalalira chiyani kwenikweni? Funsoli si lachilendo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pulani yomanga malo okopa alendo a Whydah ku Tampa inalephereka anthu akuda atakana kuti sitima ya akapolo isanduke choseweretsa.

Ena amati achifwambawo anali anthu a ufulu, ankasankha okha mtsogoleri, ndipo pakati pawo panali akuda. N'zoona. Komanso n'zoona kuti ena a iwo akalanda sitima, akapolo omwe anali m'katimo ankawagulitsa ngati katundu wina aliyense. Mafilimu a Pirates of the Caribbean anatizoloweza kuwaona ngati anthu oseketsa basi.

Ine sindikuti zitseko zitsekedwe. Ndikuti wochita lendi alandire chipinda pamodzi ndi mbiri yake. Chakudya chisanafike, wofotokozera alendo apatsidwe mphindi 10 anene za Ouidah ndi Jamaica. Zikwangwani zonena za ukapolo zisasunthidwe pofuna kupezera malo DJ, ndipo botolo lisaikidwe pa galasi lotchinga maunyolo. Zimenezi zilembedwe mu mgwirizano wa lendi, pafupi ndi mtengo. Kampani yomwe ikuona kuti mphindi 10 zimenezo ziwononga chisangalalo, mahotela alipo ambirimbiri.