Kodi Ulendo wa Udzu Uli ndi Phindu?

Mwezi uno tabwera ndi nkhani ya banja lina la m'dera la Mfumu Mwase ku Kasungu, imene ingathe kuchitika pa khomo lililonse pamene pali galimoto yonyamula katundu. Bambo wa pa banjapo anagula lole yakale ndi ndalama za fodya zimene anasunga zaka zingapo, ndipo woiyendetsa ndi mwana wao wamwamuna. Nthaŵi ya msika wa fodya loleyo sipuma, pakuti imatuta mabelo a alimi a m'midzi yozungulira kupita nao ku Chinkhoma, mwinanso mpaka ku Kanengo. Koma msika ukatsekedwa imangoima pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumausa mu mthunzi wake.

Tsiku lina kunafika mlendo wochokera ku Lilongwe. Iye anati afuna lole yoti izinyamula udzu wouma, mapesi a chimanga ndi zotsalira za mtedza kupita nazo kwa alimi oŵeta ng'ombe za mkaka kufupi ndi mzindawo. Ng'ombe zimenezi zambiri zimadyera m'khola, ndipo chilimwe chikakula chakudya chao chimasoŵa, pamene m'zigwa za Kasungu udzu umangopsa ndi moto wa lupsa. Mlendoyo anatchula ndalama zimene adzalipira pa mtolo uliwonse, ndipo mnyamata ataŵerengera mumtima anaona ngati mwayi wamugwera.

"Bambo," anatero mnyamatayo usiku umenewo, "ndalama zotere sitizigwira pa ulendo umodzi ngakhale nthaŵi ya fodya. Tivomere msanga asanapeze lole ina."

"Mwana wanga," anayankha bambowo, "ndalama wazimva, koma mtunda sunauŵerenge."

Anatsutsana kufikira nsima inazizira. Mnyamata anaganiza kuti bambo ake ndi amantha, bambo naonso anaganiza kuti mwana wao ndi wopupuluma. Amene anathetsa mkanganowo ndi mayi, amene anatulutsa kope lakale la sukulu ndi pensulo nati, "Lembani muno, tione amene akunena zoona." Ife tikuti mayiŵa anachita mwanzeru, ndipo tifuna kuti tilembe nao pamodzi m'kopemo, kuti tonse tiphunzire kayesedwe ka ntchito yotere.

Choyamba tiyenera kuzindikira kuti udzu si fodya. Fodya amapita ku msika atadindidwa m'mabelo, chotero katundu wolemera ndi wa ndalama zambiri amaloŵa m'malo ochepa. Udzu ndi wopepuka ndi wofutukuka. Umadzaza lole mpaka pamwamba kulemera kwake kusanafike ngakhale theka la zimene loleyo ingathe kusenza. Munthu woyendetsa udzu amayendetsa mpweya wambiri, koma dizilo amene injini ikumwa sadziŵa kuti pamwambapo pali mpweya. N'chifukwa chake mtengo wa pa mtolo kapena wa pa kulemera umanyenga. Funso loyenera si lakuti mtolo umodzi ulipira zingati, koma lakuti mitolo ingati iloŵa m'loleyo popanda kuunjika moopsa, ndipo ulendo wonse ubweretsa zingati. Ngati wogulayo angathe kudinda udzuwo m'mabelo usanakwezedwe, nkhani imasintha, chifukwa malo omwewo amalandira katundu wochuluka.

Chachiŵiri ndi mtunda. Kuchokera ku Kasungu kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M1, kudzera ku Madisi, Mponela ndi Lumbadzi, ndi makilomita pafupifupi 130. Koma lole siimathera ku Lilongwe. Iyenera kubwerera kwao. Tsono mtunda weniweni ndi makilomita 260, osaŵerengera njira za fumbi zoloŵera m'madambo kumene kuli udzuwo ndi zokafika ku makola kumene ukatsitsidwe. Achinyamata ambiri amagwa pomwepa: amaŵerengera ulendo wopita, umene uli ndi katundu, naiŵala ulendo wobwerera, umene ulibe woulipira.

Tiyeni tiyese chitsanzo, ndipo manambala aŵa ndi ongoyerekeza. Aliyense aikemo ake monga adziŵira galimoto yake. Sitiŵerengera m'makwacha koma m'malita a dizilo, pakuti mtengo wa mafuta umasinthasintha, pamene lita imakhala lita. Tiyerekeze kuti lole iyenda makilomita 5 pa lita imodzi. Pa makilomita 260 idzamwa malita 52, ndipo tikaonjeza malita 8 a njira za m'midzi akwana 60. Tiyerekezenso kuti malipiro onse a ulendowo angagule malita 120. Mnyamata wathu akaona chotere adzati phindu ndi theka lathunthu. Komatu sitinathe. Matayala amatha pa kilomita iliyonse, oyilo amafuna kusintha, masipuling'i ndi mabuleki amalema. Pa zimenezi tipatule mtengo wa malita 30. Okweza ndi otsitsa udzu pamodzi ndi mnyamata wothandiza pa njira atenge mtengo wa malita 15. Chakudya ndi pogona zitenge 10. Zotsala ndi mtengo wa malita 5 okha, ndipo woyendetsayo sanalandire kanthu pa thukuta lake, ndiponso inshuwalansi ndi mapepala a boma osonyeza kuti galimoto ili bwino sizinaloŵemo. Tayala limodzi likaphulika pa Mponela, phindu la maulendo ambiri lapita tsiku limodzi. Akulu akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pali chinthu chimene chimasocheretsa eni magalimoto ambiri, ndicho chakuti ndalama za dizilo zimatuluka m'thumba lero, pamene ndalama za matayala ndi injini zimadzatuluka miyezi ya m'tsogolo. Munthu amabwera kunyumba ndi ndalama m'manja nayesa kuti wapindula, osadziŵa kuti wangogulitsa kachidutswa ka lole yake. Akachita chotere chilimwe chonse, msika wa fodya umadzatsegulidwa mu April lole ili pa miyala, ndipo ntchito yeniyeni imene imadyetsa banja imapita kwa ena.

Chachitatu ndi katundu wobwerera naye. Pa chitsanzo chathu chija, ngati mwini sitolo wa ku Kasungu angapereke matumba a feteleza kapena simenti ochokera ku Kanengo, malipiro ake ofanana ndi malita 50, pafupifupi onsewo akhala phindu, chifukwa loleyo ikanabwerera ndithu. Dizilo adzaonjezeka pang'ono chifukwa cha kulemera, koma osati kwambiri. Apa m'pamene pagona chinsinsi cha ntchito ya mtengatenga: ulendo wopita umalipira njira, ulendo wobwerera ndiwo umadyetsa ana. Koma katundu wobwerera nayeyo apezeke ndi kupanganidwa lole isananyamuke. Kungoyembekeza kuti tikapeza komweko ndi kumene kumagoneka anyamata masiku atatu m'mphepete mwa msewu, akudya ndalama zomwe anapitira.

Chachinayi ndi masiku. Anthu a ku Kasungu sayenera kuuzidwa za kuŵaŵa kwa kudikira, pakuti ambiri anaona malole a fodya atandanda pa mzere ku Kanengo, masiku akupita asanatsitse. Akuluakulu akumbukiranso nthaŵi imene fodya wa m'chigawo chapakati ankapita mpaka ku Limbe, kumene msika wa okushoni unayamba mu 1938, kufikira msika wa ku Kanengo unatsegulidwa mu 1979. Msika wa Chinkhoma utabwera m'boma la Kasungu lomwe, mtunda unafupika kwambiri, ndipo alimi anaona okha kuti kilomita iliyonse yochotsedwa pa ulendo ndi ndalama yotsala m'thumba. Phunziro lake n'lomweli pa udzu: katundu wotsika mtengo sakonda ulendo wautali. Udzu wofolera zigafa umene ngolo ya ng'ombe imatuta kuchokera ku dambo la pafupi umapindulitsa, chifukwa ng'ombe sizimwa dizilo ndipo madzulo zili m'khola. Udzu womwewo ukakwera lole kupita kutali, mtengo wa ulendo ungathe kuposa mtengo wa udzuwo. Ndipo wina akati mupitirire nao kumwera, kumbukirani kuti pa M1 pali malo olipiritsa magalimoto ku Kalinyeke m'boma la Dedza ndi ku Chingeni, ndipo zimenezonso ziloŵe m'kope.

Chachisanu ndi ngozi za katundu ameneyu. Udzu wouma ndi bwenzi la moto. Ndudu imodzi yotayidwa mosasamala, kapena paipi ya utsi yotentha ikakhudza mitolo yolendeŵera, zikwanira kupsereza katundu pamodzi ndi lole. M'miyezi ya August ndi September moto wa lupsa umafika mpaka m'mphepete mwa msewu. Udzu wokwezedwa usanaumitsitse umatentha wokha m'kati, umachita nkhungu, ndipo wogula angathe kuukana pofika. Katundu wounjikidwa motalika amapendeketsa lole pokhota ndiponso pakaomba mphepo, amakola mawaya, ndipo apolisi a pamsewu ali ndi chifukwa chomveka choimitsira galimoto yotere. Tsono lona ndi zingwe zolimba n'zofunika, ndipo pafunika kumvana poyambirira kuti katundu akaonongeka pa njira, adzaluza ndani.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kalipiridwe. Mau akuti "ndidzakulipirani ndikagulitsa" agwetsa anthu ambiri. Tonse tikumbukira kuti mu May 2022 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anagwira ntchito pa ngongole masiku amenewo anadzalandira ndalama zimene sizikanathanso kugula mafuta ndi zitsulo zimene anaononga. Chotero tikulangiza kuti theka la malipiro liperekedwe lole isananyamuke, lotsalalo potsitsa katundu, ndipo panganolo lilembedwe pa pepala pamaso pa mboni ziŵiri. Kupempha pepala si kunyoza munthu. Wochita malonda moona sakhumudwa nalo. Paja mbeŵa ya manyazi inafera kuuna.

Chotsiriza, chimene sichilembeka m'malita, ndicho ntchito ya pakhomo imene imatsala. Chilimwe si nthaŵi yongokhala kwa mlimi wa fodya. Mu September ndi October nazale zimafuna kuthirira m'maŵa ndi madzulo, minda ifuna kugalauza, zigafa zifuna kukonza fodya wa bale asanayambe kuthyoledwa. Mnyamata amene ali pa msewu sangathe kukhalanso ku dimba, ndipo waganyu woloŵa m'malo mwake afuna malipiro. Tichenjezenso mabanja amene amatengeka n'kugulitsa udzu wao wonse pamodzi ndi mapesi: mvula ikagwa mudzaufuna udzu womwewo pofolera chigafa, ndipo mudzaugula modula kwa mnansi amene anasunga wake. Mapesi ndi zotsalira za mtedza ndizonso chakudya cha ng'ombe zanu zokoka ngolo, ndiponso zikatsala m'munda zimabwezera chonde m'nthaka.

Nanga banja lija linatani? Atatha kulemba, onse atatu anakhala chete, pakuti kope linaonetsa kuti bambo ndi mwana yemwe aliyense anali ndi mbali yake ya choonadi. Pa mtengo wa pa mtolo ntchitoyo inalibe phindu, monga ananenera bambo. Koma lole yongokhala nayonso imadya, chifukwa inshuwalansi imatha ndi masiku, batire imafa, matayala amang'ambika ndi dzuŵa, monga ananenera mwana. M'maŵa mwake anapita onse aŵiri kwa mlendo uja napempha kuti malipiro akhale a pa ulendo, osati a pa mtolo, ndi kuti theka liperekedwe poyamba. Mlendoyo anavomera za theka, koma anakana kukweza mtengo kufika pamene iwo anafuna. Mnyamata anayenda m'masitolo a pa boma napeza katundu wobwerera naye wa maulendo aŵiri okha. Tsono anavomera maulendo aŵiriwo, nakana otsalawo mwaulemu, ndipo nthaŵi ya nazale itafika mnyamatayo anali ku dimba ndi khasu. Ndalama zimene anapeza sizinali zambiri, koma zinali zao zenizeni, ndipo lole inafika msika wotsatira ili ndi moyo.

Kwa inu makolo tikuti, mwana akabwera ndi maganizo a ntchito musamuyankhe ndi mau akuti "ife tinaziona kale" basi. Mumuonetse kaŵerengedwe kake, chifukwa tsiku lina adzaŵerengera yekha inu kulibe. Kwa inu achinyamata tikuti, kufunitsitsa kwanu kugwira ntchito n'kwabwino ndipo dziko likukufunani otero, koma musachite manyazi kukana ntchito imene kope laikana. Munthu wokana ulendo wopanda phindu si waulesi. Ndipo pa nkhani zotere musasiye amayi kunja, pakuti amene amayesa ufa wa m'nkhokwe kuti ufike ku masika amadziŵa bwino kuŵerengera kuposa ambiri a ife. Mutu umodzi susenza denga.

Musanavomere katundu aliyense wa mtunda wautali, kaya ndi udzu, nkhuni, chimanga kapena njerwa, khalani pansi usiku umodzi ndi kope ndi pensulo. Wofuna yankho lanu nthaŵi yomweyo, osakupatsani mpata woŵerengera, kaŵirikaŵiri amakhala kuti iye anaŵerengera kale. Tidzachezanso mwezi wa maŵa.