Mapazi a Makolo Athu ndi Matenda a Shuga

Ndifuna kunenapo za chinthu chimene ambiri sitichisamala, ndicho phazi la munthu wodwala shuga. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti m'Malawi muno akulu pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi nthendayi. Tsono ena mwa iwo ndi makolo athu a kuno ku Mangochi.

Shuga akachuluka m'magazi zaka zambiri, aononga zinthu ziwiri. Choyamba, mitsempha yomvera ululu imafa, kotero kuti munthu aponda mbedza kapena munga wa chambo osamva kanthu. Chachiwiri, mitsempha ya magazi, makamaka ya kunsi kwa bondo, imauma ndi kuchepa njira. Magazi akapanda kufika, chilonda sichipola. Chala chida, chiola, ndipo mapeto ake ndi kudula mwendo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi palibe chithandizo? Chilipo. M'chaka cha 1948 dokotala wa ku Paris, Jean Kunlin, anachotsa mtsempha wina m'mwendo wa wodwala naulumikiza pamwamba ndi pansi pa malo otsekeka, monga achitira okonza msewu potsegula njira yolambalala mlatho wogumuka. Opaleshoni imeneyi yapulumutsa miyendo yambiri, ngakhale ya odwala shuga. Kafukufuku wamkulu wa BEST-CLI wa 2022 anaonetsa kuti wodwala akakhala ndi mtsempha wake wabwino woti aikirepo, zotsatira zake zimaposa za kungotsegula mtsemphawo ndi kachubu. Komabe mtsempha watsopanowo ungatsekekenso, makamaka kwa wosuta fodya, ndipo mnofu umene wafa kale palibe mpeni woudzutsa.

Taganizaninso za mtunda. Msodzi wa ku Makanjira kapena ku Monkey Bay ayambe wafika pa chipatala cha boma ku Mangochi, kenaka amtumize ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, pamenenso madokotala odziwa kusoka mitsempha ali owerengeka m'dziko muno. Ndani adzadyetsa ana iye ali pa mphasa?

Chifukwa chake ine ndikuti ntchito yaikulu ili ndi ife. Ena adzati, "Mwana sauza mkulu." Zoonadi, koma mwana amtungira mkulu madzi. Pa tchuthi tiwasambitse mapazi agogo, tipukute pakati pa zala, tiyang'ane kuphazi kumene maso ao saona bwino. Tiwapemphe mwaulemu kuti asayende opanda nsapato pa mchenga wotentha wa kunyanja. Tikaona chilonda, chala chosintha maonekedwe, phazi lozizira, kapena akadandaula kuti katumba apweteka poyenda, tiwaperekeze ku chipatala tsiku lomwelo.

Anzanga, m'mera mpoyamba. Maphunziro athu aoneke kumudzi, osati pa mayeso pokha.

Wa Folomu 3